Ndinauza Achemwali Kuti Ataye Mapiritsi

Anthu ochita kafukufuku akamalemba mapepala awo amaganizira akatswiri anzawo. Sindikhulupirira kuti amaganizira munthu ngati ine, wosamalira nkhalamba ku Leeds, amene ndimawerenga nkhani pafoni pakati pa usiku ndikudikira kuti belu la m'chipinda china lilire. Komabe pepala la Pulofesa Joanna Moncrieff wa ku University College London linandipeza komweko, ndipo zimene ndinachita nalo zinavulaza ine ndi achemwali anga a ku Ndirande.

Pepalalo linatuluka pa 20 Julaye 2022 m'magazini ya akatswiri yotchedwa Molecular Psychiatry. A Moncrieff ndi anzawo asanu anasonkhanitsa zimene ofufuza ena anapeza pa zaka zambiri zokhudza serotonin, imodzi mwa timadzi timene minyewa ya mu ubongo imatumizirana nato mauthenga. Anayang'ana ngati anthu odwala matenda ovutika maganizo ali ndi serotonin yochepa kuyerekeza ndi anzawo. Anayang'ananso ngati munthu wabwinobwino amayamba kukhumudwa akamuchepetsera serotonin mwadala. Pomaliza anati palibe umboni wogwirizana wosonyeza kuti matendawa amayamba chifukwa cha kuchepa kwa serotonin. Nyuzipepala zinailemba nkhaniyi m'zilembo zikuluzikulu, ndipo ine ndinawerenga zilembo zikuluzikuluzo.

Nthawi imeneyo n'kuti ndikumwa sertraline. Bambo anamwalira mu 2021, pamene dziko la Malawi linali pamndandanda wa maiko amene Britain inkawaopa chifukwa cha Covid. Ndikanapita kumaliro, pobwerera ndikanayenera kubindikira mu hotela n'kulipira ndekha £1,750, ndalama imene ndinalibe. Maliro a bambo anga ndinawaonera pa WhatsApp, foni ili m'manja mwa mwana wa achemwali, chithunzi chikudukaduka. Pambuyo pake tulo tinatha, chakudya chinasiya kukoma, ndipo kudzuka pabedi kunakhala ntchito yoposa ntchito yanga yeniyeni. Atandipatsa mankhwala ndinamva penapake kuti ubongo wanga ukusowa serotonin ndipo mapiritsiwo akuibwezeretsa. Mawu amenewo anandichotsera manyazi. Ndiye nditawerenga kuti maziko a mawuwo ndi ogwedera, ndinamva ngati ndanamizidwa, ndipo ndinakwiya.

Mkwiyowo unandipatsa khama lowerenga. Ndinapeza pepala la Irving Kirsch la mu 2008, limene linaunika zotsatira za kafukufuku 35 amene makampani anapereka ku FDA, bungwe loona za mankhwala ku America. Pa sikelo ya Hamilton, imene madokotala amayezera kukula kwa matendawa, omwa mankhwala enieni anaposa omwa mapiritsi opanda mankhwala ndi mapointi 1.8 okha. Ndinapezanso pepala la Erick Turner la chaka chomwecho, losonyeza kuti pa kafukufuku 74 wolembetsedwa ku FDA, amene anakomera mankhwala anasindikizidwa pafupifupi onse, pomwe ambiri mwa osakomera anabisika kapena kulembedwa mokometsera. Zonsezi ndi zoona, ndipo mpaka lero ndimaona kuti ndi zinthu zochititsa manyazi makampaniwo. Koma ine ndinkangotola zogwirizana ndi mkwiyo wanga. Tsiku lina m'mawa ndikuweruka ndinatenga bokosi la mapiritsi n'kuliponya m'bini.

Ndikanalekera pomwepo bwenzi nkhaniyi ili yanga ndekha. Achemwali ndi amene anadwazika bambo mpaka tsiku lomaliza, ndipo nawonso anadwala pambuyo pa maliro. Anasiya kupita kumsika kukagulitsa kaunjika, anasiya kusamba, ankangokhala m'chipinda. Kuchipatala anawapatsa amitriptyline, mankhwala akale kwambiri amene amapezeka m'zipatala zambiri kwathu, ndipo pang'onopang'ono anayambanso kutsegula mabelo awo. Ndinawaimbira foni.

"Achemwali, mapiritsi amene mukumwa aja tayani. Akatswiri kuno avomereza okha kuti ndi abodza."

"Koma achimwene, ine ndikamwa ndimagona bwino. Ndi msika womwe ndayambanso."

"Amenewo ndi maganizo anu chabe. Mwachira nokha. Ine anga ndataya kale, ndili bwinobwino."

Palibe katswiri amene ananena kuti mapiritsi ndi abodza. Ndinapeka ndekha, ndipo ndinkakhulupirira kuti ndikunena zoona. Achemwali ndi aakulu kwa ine, ndi amene anandibereka kumsana ndili khanda. Koma ndine amene ndili kunja, ndine amene ndimalipirira ana awo fizi, ndipo pabanja pathu mawu a wotumiza ndalama satsutsidwa kawiri. Anangoti, "Chabwino achimwene, inu ndi amene mukuziona."

Masiku oyamba ndinali bwino, ndipo ndinaona ngati umboni wakwana. Kenako kunabwera chizungulire. Ndikatembenuza maso mwachangu ndinkamva kanthu kakudutsa m'mutu ngati nyesi ya magetsi. Usiku ndinkadzuka zofunda zitanyowa ndi thukuta, nditalota maloto oopsa amene sindinalotepo chibadwire. Nseru, misozi yosadziwika chiyambi chake, kupsa mtima ndi kulira kwa belu. Ndinaganiza kuti ndi malungo, ngakhale kuti panali patadutsa zaka ndisanalumidwe ndi udzudzu wa kwathu. Maganizo oti mwina ndi mapiritsi aja sanandibwerere, poti ndinali nditagamula kale kuti mapiritsiwo sachita kanthu m'thupi.

Usiku wina tikusamutsa agogo ena kuchoka pabedi kupita pampando, pansi panapendekeka. Ndinagwira chitsulo cha bedi, mnzanga n'kuwagwira agogowo yekha. Sanagwe. Akanagwa, pa msinkhu wawo, fupa la m'chiuno likanathyoka, ndipo ndikudziwa bwino zimene zimatsatira nkhalamba ikathyoka fupa limenelo. Akuntchito anandiuza kuti ndipite kunyumba ndipo ndisabwere ndisanaonane ndi dokotala.

Dokotalayo, mayi wodekha, anandifunsa ngati ndikumwabe sertraline. Ndinamufotokozera zonse, mayina a akatswiri ndi zaka zomwe. Sanandiseke. Anati pepalalo analiwerenga, ndipo anandifunsa ngati ndinaona dzina lomaliza pa mndandanda wa olemba. Dzinalo ndi Mark Horowitz. Mu 2019 Horowitz ndi David Taylor analemba mu Lancet Psychiatry kuti mankhwala a mtundu wa sertraline amafunika kuwasiya pang'onopang'ono, kwa miyezi, nthawi zina kuposerapo. Zithunzi za ubongo zimaonetsa kuti ngakhale mlingo wochepa kwambiri wa mankhwalawa umagwira gawo lalikulu la malo amene serotonin imadutsira, moti kuchoka pa mlingo wochepa kufika pa kusamwa konse ndi kudumpha kwakukulu kuposa kuchoka pa mlingo waukulu kufika pa wapakati. Horowitz mwiniwake anavutikapo posiya mankhwala otere. Chaka chomwecho cha 2019, bungwe la Royal College of Psychiatrists ndi la NICE anasintha malangizo awo n'kuvomereza kuti kwa anthu ena mavuto obwera posiya amakhala aakulu ndipo amatenga nthawi yaitali. Ndipo pamene yunivesite inkalengeza pepala la serotonin lija, olembawo anachenjeza kuti wofuna kusiya mankhwala ayambe waonana ndi achipatala. Chenjezolo linali m'munsi mwa nkhani. Ine sindinafike m'munsimo.

Dokotalayo anandifotokozeranso kuti ndinasakaniza mafunso awiri. Chimene chimayambitsa matenda ndi funso lina, ngati mankhwala amathandiza ndi funso linanso, ndipo lachiwirili limayankhidwa poyerekeza anthu omwa ndi osamwa. Mu 2018 Andrea Cipriani wa ku Oxford ndi anzake anaunika kafukufuku 522 wokhudza anthu 116,477 ndi mankhwala 21. Onse 21 anaposa mapiritsi opanda mankhwala, ngakhale kuti kusiyanako sikunali kwakukulu. Amene anali pamwamba penipeni pothandiza anali amitriptyline.

Atangotchula dzina limenelo ndinakumbukira achemwali. Nthawi yonse imene ndinkadwala sindinawaganizirepo. Ichi ndi chimene chimandiwawa kuposa zonse.

Ndisanawaimbire, alamu ndi amene anayamba kuimba. Anati achemwali abwereranso m'chipinda, sakudya, mabelo ali pakona osatsegula, ndipo tsiku lina ananena kuti akufuna kutsatira bambo. Achibale ena ankati pali munthu wansanje kumsika. Ena anali atayamba kale kuwatengera kumapemphero a kuphiri. Achemwali sanauze wina aliyense kuti anasiya mankhwala, ndipo sanatchule dzina langa. Ndinayenera kunena ndekha.

Alamu anakhala chete kwa kanthawi. Kenako anati, "Alamu, ife timakulemekezani. Koma inu kumeneko si dokotala. Mukanayamba mwandiuza ine, amene ndimagona nawo nyumba imodzi."

Mawa lake anawatengera achemwali kuchipatala, ndipo usiku ankasinthana kuwadikirira ndi mayi aang'ono. Achemwali anayambanso mankhwala pa mlingo wochepa. Kuchira kwachiwiri kunachedwa kuposa koyamba, ndipo malo awo kumsika anatenga munthu wina.

Sindinganene kuti a Moncrieff anandilakwira. Mu 2023 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Sameer Jauhar wa ku King's College London linayankha m'magazini yomweyo, kunena kuti njira imene a Moncrieff ndi anzawo anasankhira ndi kuyezera umboni inali ndi zofooka, ndipo mkanganowo sunathe. Koma funso limene anafunsa ndi loyenera, ndipo odwala sitiyenera kuuzidwa nkhani yophweka ya serotonin pongofuna kuti timeze mapiritsi mosavuta. Ndikanauzidwa poyamba kuti chimene chimayambitsa matendawa sichidziwika bwino, koma mankhwalawa amathandiza anthu ena ndipo ndi ovuta kusiya mwadzidzidzi, nkhani ya m'nyuzipepala ija sikanandigwedeza chonchija. Kafukufuku wotchedwa ANTLER, amene anachitika ku England mwa anthu 478 n'kusindikizidwa mu 2021, anapeza kuti pakutha pa chaka, 56 pa 100 alionse amene anasiya mankhwala anadwalanso, pomwe mwa opitiriza anadwalanso ndi 39. Manambalawa akutanthauza kuti kusiya kuli ndi chiopsezo, akutanthauzanso kuti ena ndithu amasiya osadwalanso. Palibe akanadziwiratu kuti achemwali ali mbali iti, ndipo ine ndinawasankhira pafoni ndili kutali.

Ndinayambanso sertraline, chizungulire ndi nyesi ija zinatha, ndipo tsopano ine ndi dokotala tikuchepetsa mlingo pang'onopang'ono, pogwiritsa ntchito mankhwala amadzi kuti titha kuyeza tizigawo ting'onoting'ono. Achemwali akumwabe awo ndipo akugulitsa pakhomo pamene akufunafuna malo ena kumsika. Mankhwala akasowa kuchipatala, alamu amakagula kufamase ndi ndalama imene ndimatumiza padera pa ya fizi. Za nthawi yosiyira amakambirana ndi adokotala awo, alamu ali pomwepo, ndipo ine amandiuza zikatha.