Za Kadyetsedwe ka Gumbagumba Yopanga Pamanja

Chipangizo chokweza nyimbo, chimene akatswiri amachitcha ampulifaya pamene akuluakulu a kwathu akuchitchabe gumbagumba, chili ndi zigawo ziwiri zosiyana ntchito ndiponso zosiyana kadyedwe. Chigawo choyamba ndi preamp, imene imalandira timawu tofooka tochokera m'foni kapena pa maikolofoni n'kutikweza pang'ono, ndipo ndi pamenepa pamene pamakhala timabatani topotokola towonjezera kapena kuchepetsa besi. Chigawo chachiwiri ndi maampulifaya amphamvu awiri, ya kumanja ndi ya kumanzere, amene ntchito yawo ndi kukankha masipika. Mlembi wa danga lino, Mmalawi wochita lendi kachipinda kakuseri ku Overport mumzinda wa Durban, amene masana amanyamula mipukutu ya nsalu m'sitolo, wakhala akufufuza nkhani imeneyi kwa nthawi yaitali, ndipo umboni wa kafukufuku wakeyo ndi zipsera zakuda zimene zili pa tebulo lodyera, zomwe mayi a kunyumba amaziphimba ndi kansalu koluka kukamabwera alendo.

Zifukwa zimene zinamulowetsa m'maphunziro amenewa n'zomveka kwa aliyense wodziwa mzindawu. Durban ndiye kwawo kwa gqom, nyimbo za besi yolemera zimene zinabadwira m'makomboni a mzindawu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010, ndipo munthu woima pa Warwick Junction amaimva minibasi m'nthiti asanaione ndi maso. Komanso chiyambire nthawi ya Wenela, mwamuna wobwerera kumudzi kuchokera ku Joni wopanda gumbagumba amafunsidwa ndi abale ngati kumeneko ankadwala. Poona mitengo ya m'masitolo, mlembiyu anaganiza zopanga yekha kuti apulumutse ndalama, ndipo ndalama zimene wapulumutsa mpaka lero n'zambiri moti zikanakwanira kugula ziwiri zopangapanga.

Magetsi a pa soketi mu South Africa ndi a mavoliti 230, ndipo amapita n'kubwerera maulendo 50 pa sekondi iliyonse, pamene zipangizo za nyimbo zimafuna magetsi ochepa oyenda njira imodzi ngati a batire. Kusinthaku kumachitika ndi zinthu zitatu: thiransifoma imatsitsa mavoliti, madayodi anayi amawongola magetsiwo kuti asamabwerere, ndipo makapasita akuluakulu, amene ndi timigolo tosungira magetsi kwa kanthawi, amadzaza mipata yotsala. Pali masamu amodzi amene mlembiyu anawaphunzira kudzera m'mphuno, akuti thiransifoma yolembedwa 25-0-25 siipereka mavoliti 25 magetsi akawongoledwa, koma 25 kuchulukitsa ndi 1.414, kutanthauza pafupifupi mavoliti 35 mbali ya pamwamba ndi 35 ena mbali ya pansi. Kwa ampulifaya yamphamvu umenewu ndi mlingo wabwino, pakuti kachipangizo ka LM3886, kamene kampani ya National Semiconductor inapanga ndipo opanga pamanja amakakonda dziko lonse, kamatulutsa mawati 50 pa sipika ya maohmu 8 kakapatsidwa mavoliti amenewa. Koma preamp imayenda ndi kachipangizo kakang'ono ka miyendo isanu ndi itatu monga NE5532, kamene kamakhuta ndi mavoliti 15 mbali iliyonse ndipo malire ake ndi 22. Kakapatsidwa 35 kamalankhula kamodzi kokha, mwachidule, n'kutulutsa kautsi kochepa kwambiri poyerekeza ndi fungo lake, lomwe limakhala m'makatani mpaka tsiku lochapa.

Vuto lenileni si kuchuluka kwa mavoliti kokha. Kudyetsa preamp ndi maampulifaya amphamvu kuchokera pa thiransifoma imodzi kuli ngati kukhazika kamwana pa mbale imodzi ya nsima ndi azibambo awiri ochokera kodula mitengo: kamwanako kamafuna zochepa, koma nthawi iliyonse azibambowo akatema mbamu, mbale yonse imagwedezeka. Besi ikagunda, maampulifaya amphamvu amakoka magetsi ambiri mwadzidzidzi, mavoliti a m'makapasita amatsika, ndipo kugwedezeka kumeneku kumalowa mu preamp, imene ntchito yake ndi kukweza chilichonse chimene yalandira mosafunsa kumene chachokera, n'kuchibwezanso kwa omwe anachiyambitsa kuti achikweze koposa.

Njira yotchipa, imene mlembiyu anaiteteza mwamphamvu kwa miyezi ingapo, ndi yoika ma regulator, tizipangizo ta miyendo itatu totsitsa magetsi ndi kuwagwira pa mlingo umodzi, 7815 ku mbali ya pamwamba ndi 7915 ku mbali ya pansi. Njirayi ilibe cholakwika pa pepala. Koma 7815 siiloledwa kulandira mavoliti opitirira 35, ndipo popeza magetsi a pa soketi amakwera ndi kutsika, komanso thiransifoma yosalemedwa imapereka ochulukirapo kuposa olembedwa pa chikopa chake, kachipangizoka kamakhala m'mphepete mwa manda kuyambira tsiku lokaika. Mavoliti 20 otsalawo sapita kwina kulikonse koma amasanduka kutentha, ndipo mu February wa ku Durban, pamene malaya amamata pamsana munthu ali chikhalire, kutentha si chinthu chimene banja limapempha kuti chiwonjezedwe m'chipinda chimodzi. Anthu odziwa amayamba atsitsa magetsiwo ndi resistor ndi dayodi ya zener asanafike pa regulator, kapena amagwiritsa ntchito ma regulator a LM317 ndi LM337. Odziwa koposa amagulira preamp kathiransifoma kakekake ka 15-0-15, kamene kamapereka mavoliti pafupifupi 21, oti regulator iwatsitse mosavutika. Mlembiyu anafika pa mfundo yomalizayi mwa nzeru zake yekha, ngakhale kuti mlamu wake, amene amakonza mafiriji ku Isipingo, amanena kuti anamuuza zomwezo tsiku loyamba. Nkhani ya amene anayamba kunena idakali m'manja mwa akuluakulu.

Kuwonjezera thiransifoma yachiwiri kunabweretsa mlendo wina, amene ndi mng'ung'udzo, kulira kwapansipansi kosalekeza kumene kumamveka m'masipika ngakhale nyimbo isanayambe. Kuliraku kuli mitundu iwiri. Kwa maulendo 50 pa sekondi kumabwera waya wa timawu tofooka akadutsa pafupi ndi thiransifoma, kapena pamene mawaya a ground, omwe ndi njira yobwererera magetsi, alumikizidwa malo awiri n'kupanga mkombero umene umatola phokoso. Kwa maulendo 100 kumachokera ku madayodi, makapasita akachepa kapena magetsi awo obwerera akamadutsa waya mmodzi ndi nyimbo. Mankhwala ake ndi kukumanitsa mawaya onse a ground pa malo amodzi okha, aliyense ndi njira yakeyake, ndi kuika mathiransifoma kutali ndi polowera mawu. Mlembiyu, amene amaimba besi m'kwaya ya kutchalitchi, anazindikira kuti kulira kwa gumbagumba yake kuli pafupi kwambiri ndi noti ya G, ndipo kwa kanthawi anakutenga ngati thandizo pophunzira nyimbo. Mayi a kunyumba, atamvetsera kwa madzulo athunthu manja ali m'chiuno, anafunsa mwaulemu wonse kuti, "Bambo a ana, kodi nyimbo yake ndi imeneyi, kapena ikubwera?"

Mbiri ya kafukufukuyu ikusonyeza kuti nthawi imene chipangizochi chinakhala chete kotheratu ndi nthawi ya kuzimitsa magetsi mosinthanasinthana, kumene kunayamba mu South Africa chakumapeto kwa 2007 ndipo kunafika poipa mu 2023. Mlembiyu analemba maola amenewo m'kope lake monga chipambano. Koma magetsi akamabwerera ndi pamene pamaoneka khalidwe la thiransifoma yozungulira ngati nkhata, yotchedwa toroidal, imene pa kamphindi koyamba imakoka magetsi ochuluka kwambiri pamodzi ndi makapasita opanda kanthu, mpaka kupsereza fyuzi kapena kugwetsa switchi ya m'nyumba yaikulu, kumene eninyumba amakhala akuonera mpira. Kupewa zimenezi kumafuna kuti magetsi ayambe adutsa mu resistor kwa kamphindi, kenako relay, yomwe ndi switchi yodzitseka yokha, iwapatse njira yonse. Palinso mwambo wa kayatsidwe, woti preamp iziyamba kuyaka ndi kumalizira kuzima, chifukwa ikadzuka maampulifaya amphamvu ali kale maso, masipika amachita phu! ndipo mwana wa pachipinda choyandikana amadzuka nawo.

Pali mfundo ziwiri zimene ngakhale mlembiyu sachitira nthabwala. Makapasita a 10,000 microfarad amasunga magetsi pulagi itazulidwa kale, choncho amafunika resistor yowakhuthula pang'onopang'ono, ndipo sikuludiraiva imene ili ndi dzino lodyeka m'kabati ya mlembiyu ikuchitira umboni. Yachiwiri ndi ya mwendo waukulu wa pulagi ya miyendo itatu yobulungira, umene uyenera kulumikizidwa ku bokosi lachitsulo nthawi zonse. Ena amaudula poona kuti mng'ung'udzo ukutha, koma tsiku limene waya wamoyo adzakhudze bokosilo, njira ya magetsi yopita pansi idzakhala munthu wogwira batani.

Lero gumbagumba ija ili ndi mathiransifoma awiri, ma relay awiri, ndi kulira kochepa kumene kumamveka pokhapokha munthu akagunditsa khutu pa sipika, chinthu chimene mlembiyu amachita usiku uliwonse asanagone. Kulemera kwake n'koti a basi yodzera ku Beitbridge ndi ku Tete akadzaikweza pa sikelo, mtengo wa katundu udzafuna kafukufuku wakewake, ndipo ikadzafika ku Mangochi pulagi yake idzayenera kusinthidwa, popeza masoketi a kwathu ndi a miyendo yamakona ngakhale kuti mavoliti ndi omwewo. Owerenga a ku Durban amene akufuna kuibwereka pa chinkhoswe kapena pa ukwati akudziwitsidwa kuti abwere ndi wilibala, anyamata awiri amphamvu, ndi mafyuzi awoawo.