Wakuba Petulo Ali M'nsapato

Mwezi ukamatha, madalaivala a ku Itawa mu Ndola amatchera khutu kuti amve mtengo watsopano wa mafuta umene a bungwe loona za mafuta la ERB alengeze. Ukakwera, amadzudzula boma, dola ndi nkhondo zakutali. Phazi lawo lakumanja lokha ndilo silitchulidwa pamlanduwu.

Taonani msewu wa Ndola kupita ku Kitwe, makilomita pafupifupi 60. Woyenda pa 100 amafika m'mphindi 36. Wothamanga pa 120 amafika m'mphindi 30, koma mphepo yolimbana ndi galimoto yake imawonjezeka ndi 44 peresenti, pakuti liwiro likawirikiza kawiri, kukana kwa mphepo kumawirikiza kanayi. Injini sikankha mphepo ulere, ndipo bilu yake imapita kuthanki. Galimoto zambiri zimamwa mwaulemu pakati pa 60 ndi 90, zili m'giya yomaliza.

Nanga mphindi 6 zopulumutsazo amakagula nazo chiyani? Bambo aja anakudutsani ngati akuthawa angongole mumakawapeza polowa mu Kitwe, atakanirira kumbuyo kwa thiraki ya mkuwa, akupuma utsi. Madzulo ali pa filing'i siteshoni, galasi atatsitsa pang'ono, akunong'oneza wothira mafuta kuti, "Mwanawe, thira ya K50 chabe."