Kampando ka Bwana Wokwera Phiri

Masiku ano mu Blantyre simungatchedwe munthu wozindikira ngati simunakwereko phiri la Mulanje n'kuika chithunzi pa WhatsApp. Kale anthu a m'tauni ankanyadira sofa ya pabalaza, ija ana ankaletsedwa kukhalapo kudikira alendo. Lero ulemu wasamukira pa kampando kopinda kolowa m'kathumba.

Kusankha kampandoka ndi mlandu waukulu. Ulendo uli Loweruka, koma mkangano pagulu la anzawo a ku ofesi umayamba Lolemba. Wina amati agule Helinox Chair One, wa ku South Korea, wosakwana kilogalamu imodzi. Mnzake amamuseka, ati umenewo ndi wa nkhalamba, iye waitanitsa kale Chair Zero kwa alamu ake ku Johannesburg, theka la kilogalamu basi. Amawerengerana magalamu mpaka pakati pa usiku, anthu omwewo amene m'mawa anapumira kawiri pokwera masitepe a ku ofesi. Wachitatu, amene malipiro ake amatha mwezi usanafike pakati, amazemba n'kukagula wake pa kaunjika ku Limbe, mwendo umodzi womangidwa ndi mphira wa chubu, n'kumauza anzake kuti ndi wochokera kunja. Sananame.

Zofunika kufunsa zilipo, koma palibe amazifunsa. Mpando wopepuka kwambiri umakhala wamfupi, munthu amatsala pang'ono kukhala pansi penipeni. Kukhala n'kosavuta, nkhani ili podzuka, makamaka kwa bwana amene mimba inatsogola. Timiyendo take ta aluminiyamu n'toonda, moti pa mchenga wa ku Senga Bay kapena pa dothi lonyowa timamira pang'onopang'ono mwini wake ali kalikiliki kulongosola za ndale, mpaka mawondo amufike pachibwano. Opanga Chair Zero amati umanyamula makilogalamu 120. Mwamuna wa m'tauni wovomera pagulu kuti chiwerengerochi chikumukhudza sanabadwe.

Loweruka afika pa Likhubula. Bwana atulutsa kathumba kake, akaponya m'mwamba kuti onse aone kupepuka kwake, kenako akapereka kwa mnyamata wonyamula katundu.

"Achimwene, musamale, kameneka n'kodula kuposa njinga yanu."

"Chabwino bwana. Nanga bokosi ili n'la ndani?"

"La zakumwalo? N'langanso. Senzani."

Ndiye mnyamata uja anyamuka: pamutu bokosi la zakumwa ndi ayezi, kumsana chikwama muli sipika, nkhuku yokazinga ndi nsapato zina za bwana zojambulitsira zithunzi, kuphazi patapata. Anyamata ake ndi omwewa amene pa mpikisano wa Porters Race amakwera phirili chothamanga n'kutsika dzuwa lisanafike paliwombo. Bwana anasunga ndalama miyezi iwiri kuti apepukitse katundu ndi magalamu 400, pamsana pa munthu wina, ndipo akudikira kuti amuthokoze.

Madzulo afika pa kanyumba ka pa Chambe miyendo ikunjenjemera. Mlonda wasonkha moto, pokhala palipo kale, ndipo kunjako phiri lonse ndi miyala yosalala yoti munthu n'kukhalapo ulere. Koma mpando wagulidwa, uyenera kuoneka. Kulumikiza timitengo take kumafuna anthu atatu, wachinayi akuwalangiza, mpaka mnyamata wa bokosi uja atatula katundu n'kuwakonzera osalankhula kanthu. Chithunzi chijambulidwa: bwana wayang'ana kutali, kapu ili m'manja, nkhope ya munthu woganiza za tsogolo la dziko. Pansi pake alemba kuti Sapitwa, mamita 3,002. Sapitwayo akadali kutali, kuseri kwa mitambo, ndipo sakumudziwa n'komwe.

Akabwerera m'tauni m'pamene kampandoka kamayamba ntchito yeniyeni. Pa mzere wa mafuta kamathandiza ndithu, pamenepo sindingatsutse. Munthu amakatambasula pambali pa galimoto, akabaza ndi ogulitsa nthochi n'kumufunsa mtengo wake, iye n'kuutchula m'marandi kuti amve bwino.

Vuto ndi kupita nako ku maliro kumudzi. Mkazi amachenjeza ali pa geti: "Bambo, kasiyeni kameneko, kumeneko kuli mabenchi a ku tchalitchi." Bambo samva. Afika, akatambasula pansi pa mtengo wa mango, amuna onse a pa njerwa atembenuka kumuyang'ana. Asanakhazikike n'komwe, amfumu atulukira ndi ndodo yawo. Mwana wobadwira m'mudzi muno sangakhale pampando wokongola chonchi amfumu ali chiimire, angakhale ali ndi madigiri angati. Adzuka, pogwira phewa la mnzake, n'kupereka ndi manja awiri.

Amfumu akhala, amira, akondwa. Nthawi yoti alankhule itakwana, anyamata awiri awadzutsa powakoka m'manja, amayi a pa mphasa abisa nkhope m'zitenje kuti asaoneke akuseka pa maliro. Mwambo wonse bwana wathu authera pa njerwa, thalauza la suti lili mbuu.

Pochokera kumanda apita kukatsanzika, maso ali pa kathumba kamene mdzukulu wa amfumu wakoleka kale paphewa.

"Mwana wanga, wachita bwino kutikumbuka. Kampando aka n'kopepuka, ngakhale mwana anyamula. Lachiwiri ndili ndi mlandu wa malire a munda kutsidya kwa mtsinje."

"Zikomo amfumu. Kungoti kameneka n'kokwerera mapiri."

"Eya, kutsidyako kulinso kachitunda."