Kodi msana wa munthu ndi ndalama zingati?

Ine sukulu ndinalekezera sitandade 6, ndiye mundikhululukire ngati mafunso anga ali achibwana. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo phula ndalidya lokwanira chichitikire ngozi ya mphwanga, mwana wa mlongo wanga.

Minibasi imene anakwera inaphulika tayala n'kugubuduka pamsewu wa M1. Anthu achifundo anamusolola m'galimotomo, wina kumanja, wina kumiyendo, n'kumukweza papikiapu. Kuchipatala anatiuza kuti mkati mwa mafupa a msana mumadutsa chingwe chofewa chonyamula mauthenga a ubongo, ndipo chake chinaphwanyika chapamwamba pa chiuno. Fupa limalumikizana, chingwecho ayi. Ndinafunsa kuti, nanga omunyamula molendewera aja anamuthandiza kapena anamuwonjezera? Adokotala anangoti wovulala msana amagonekedwa pathabwa, osamupinda.

Kwathu ng'ombe ikadya mmera wa mnzako, mumapita kwa amfumu, mwini ng'ombe amapepesa, dzuwa lisanalowe nkhani yatha. Choncho ndinkayembekezera kuti mwini minibasi abwera. Sanabwere. Dalaivala anamulipiritsa faindi kukhoti, ndalamazo n'kupita kuboma. Kodi wathyoka msana ndi boma? Anandiuza kuti umenewo unali mlandu wophwanya malamulo a pamsewu. Wa chipukuta misozi ndi wina, ndipo suyamba wokha mpaka wovulalayo atasuma.

Poti malume ndine, ndinavala jekete n'kupita kwa loya.

"Bambo," anatero, "lamulo la pamsewu la 1997 limati galimoto ikhale ndi inshuwalansi yoteteza anthu amene ingawavulaze, ndipo gawo 148 limakulolani kusumira kampani ya inshuwalansiyo mwachindunji. Koma tiyenera kuonetsa kuti dalaivala kapena mwini galimoto analekerera: liwiro, kapena tayala lakutha."

"Nanga khoti likapeza kuti palibe analakwa, bwana, mwanayu adzuka n'kuyenda?"

Anaseka pang'ono, n'kundifunsa tsiku la ngozi. Akuti mlandu wa kuvulala uyenera kulowa m'khoti zisanathe zaka 3, ndipo mwayi wosumira a inshuwalansi mwachindunji umatha pa zaka 2. Apa mutu unandizungulira. Chaka choyamba chonse ife tinali kuchipatala ndi ku Kachere mumzinda wa Blantyre, kumene amaphunzitsa ovulala kudzuka, kukhala tsonga ndi kuyendetsa wilutcheya. Amayi ake amamutembenuza maola awiri alionse, usiku ndi usana, kuopa zilonda za pogona. Kodi amene analemba zaka zimenezi anayamba watembenuzapo munthu wamkulu 2 koloko usiku? Bwanji tsiku lotuluka m'chipatala osamupatsa munthu kapepala komuuza kuti nthawi yayamba kale kutha?

Kenako anafuna mapepala: lipoti la apolisi, lipoti la adokotala, malisiti. Malipoti awiriwo tinali nawo, titawalipirira. Koma malisiti? Wakabaza amene amanditengera phala kuchipatala amalemba lisiti? Mbuzi zinayi zimene tinagulitsa kuti tigule matewera, magolovesi ndi timapaipi ta mkodzo, ndikanazidinditsa kuti? Akuti ndalama zimene munaononga kale khoti limafuna umboni wake, chimodzichimodzi. Ndiye kuti wosauka, amene amagula zinthu pamsika, ndi amene amaoneka ngati sanaononge kanthu?

Ndinafunsa funso limene ndinabwerera: msana wa munthu ndi ndalama zingati? Loya anawerenga pazala. Pali chipepeso cha ululu ndi kuzunzika. Pali cha zokoma za moyo zimene munthu sadzachitanso, monga mpira, khasu ndi kuvina paukwati. Pali cha zipsera, ndi cha ndalama zimene akanamapeza akanakhala bwinobwino. Ku Bwalo Lalikulu, woweruza amayang'ana zimene anapatsidwa ena ovulala mofanana, n'kuganiziranso kugwa kwa kwacha. Ndinagwedeza mutu, koma mumtima ndikufunsabe: mnyamata wa zaka 24 amene sanakwatire, ana amene mwina sadzabereka amawerengedwa pachala chiti?

Chimene chinandikhalitsa pansi ndi ichi. Pepala la inshuwalansi ya minibasi ija lili ndi malire a K5 miliyoni. Khoti likhoza kugamula zochuluka, koma kampani imalekezera pamenepo. Zotsalazo mukazitole kwa mwini galimoto ndi dalaivala. Mwini wakeyo chuma chake chinali minibasi yomweyo, imene pano ndi zitsulo. Nanga chigamulo cholembedwa bwino chimagula matewera? Ndipo ndalamazo zimaperekedwa kamodzi, pamene kulumalako n'kwa moyo wonse. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene analandira chipepeso chake mwezi wa October, anabwerera kukhoti kukawonjezera?

Mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Joni akuti ku South Africa kuli thumba la Road Accident Fund. Ndalama zake zimadulidwa pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo, ndipo thumbalo limatha kulonjeza kulipira chithandizo cha m'tsogolo cha wovulala. Nafenso pamtengo wa mafuta timalipirapo ndalama zokonzera misewu. Ndiye ndikungofunsa: ngati phula lokumbika lili ndi thumba lake, bwanji munthu wothyokera paphulapo alibe?

Mlandu wathu ukadali m'khoti, ndipo mphwanga waphunzira kukonza mafoni ali pawilutcheya. Mayankho ndilibe, koma inu amene m'bale wanu wagona m'wodi lero, musadye phula ngati ine. Tengani lipoti la apolisi ndi la adokotala. Lembani nambala ya galimoto ndi dzina la kampani ya inshuwalansi yake. Sungani lisiti lililonse, ndipo zopanda lisiti muzilemba m'kope, tsiku ndi mtengo. Musasaine pepala lovomera ndalama loya asanaliwerenge. Ngati ya loya mulibe, pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza osowa pamilandu. Pitani sabata ino, chifukwa zaka ziwiri zija zinayamba kuwerengedwa tsiku la ngozi.