Ukaipa dziwa nyimbo

Makolo amene ananena kuti "ukaipa dziwa nyimbo" sanaonepo kompyuta, koma anyamata ogulitsa makompyuta akale ku Ndirande anaumvetsa mwambiwu kuposa aphunzitsi a Chichewa. Katundu wawo ndi woipadi: laputopu yaguluka mabatani awiri, chivindikiro achimata ndi selotepi, batire yake magetsi akangothima nayo imakomoka pompo. Ndiye mwini benchi atani? Amayimba.

"Bwana, iyi ndi ex-UK, inkagwira ntchito mu ofesi ya mzungu. Zamasiku anozi n'zoseweretsa ana, chitsulo ndi ichi."

Mukafunsa mtengo sayankha msanga. Amayamba wakuyang'anani nsapato, kenako foni, ndipo ngati mwalendewetsa makiyi a galimoto pachala, mwadzikwezera nokha. Akatchula mtengowo, inu gwirani pakamwa ngati mwamva uthenga wa maliro. Iye adzadandaula za dola, za kwacha imene inagwa ndi 44 peresenti mu 2023, ngakhale kuti makinawo anafika pabenchipo kwachayo isanapunthwe n'komwe. Mukatembenuka kuti muzipita, ndi pamene nyimbo imafika pokoma: "Bwerani akulu, tisadane. Inuyo muli ndi zingati?"

Kunja zinthu n'zozondoka. Ku America kuli zionetsero za makompyuta akale, monga Vintage Computer Festival imene inayamba mu 1997 ku California, ndipo kumeneko ukalamba ndiwo ukoma. Apple-1 ya Steve Wozniak inkagulitsidwa madola 666.66 mu 1976; mu 2014 imodzi inagulidwa pa okishoni ku New York ndi madola 905,000. Wogulitsa wa kumeneko amalumbira kuti makina ake ndi nkhalamba yeniyeni. Wa kuno amalumbira, chala kumwamba, kuti kompyuta yake ndi mwana wa dzulodzuloli, pamene ikuyaka ndi Windows XP ya 2001. Onse awiri ndi oyimba, angosiyana kwaya.

Komatu musaiseke nkhalambayi. Pitani ku Bangwe kapena ku Machinjiri, m'timashopu toika nyimbo ndi mafilimu m'mamemori khadi. Mupeza chikompyuta cha bokosi, chachikasu ndi fumbi, mbali imodzi achitsegula kuti chizipuma, fani yake ikulira mofuna chifundo. Mbewa yake mpaka uimenye kaye patebulo. Koma m'mimba mwake muli Lucius Banda yense, Black Missionaries, makwaya a mipingo yonse ndi mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, ndipo chikulipira lendi ndi kugula ufa. Choipa chotere, chodziwa nyimbo chotere, mwini wake sangakugulitseni ngakhale mum'gwadire.

Tsono mukapita kokagula yanu, valani patapata, makiyi abiseni m'thumba, ndipo musapereke ndalama asanazule chaja kukhoma inu mukuona. Ikatha mphindi khumi ili moyo, onjezaniko pang'ono, mnyamatayo wanena zoona.