Kodi ndi "he" kapena "she"? Tauni yagawanika

Nkhaniyi tonse taimva, ndipo ambiri taikanganirapo mpaka tiyi kuzizira. Akuti pa ukwati wina ku Chilomoni mwinimwambo anafuna kuonetsa kuti kusukulu anapondako, n'kuyamikira mkwatibwi pa chimkuzamawu kuti "he is very beautiful". Ena akulumbira kuti zinachitikira ku Bangwe, ena akuti ayi, chinali chinkhoswe ku Zingwangwa. Mwambo umodzi kuchitikira madera atatu tsiku limodzi, zoterezi n'za mu Blantyre mokha.

M'maminibasi a ku Limbe mlandu anaugamula kale: umbuli basi, munthuyo MSCE anaidutsa pawindo. Koma ogamula omwewo akangotsika pa Ginnery Corner n'kuyankha foni ya abwana, timawamva ndi makutu athu akunena za mayi awo owabereka kuti "he is sick". Nanga mbuli ndiye ndani?

Aphunzitsi opuma a ku Ndirande akuti vuto si mutu koma lilime lomwe tinayamwa. Chichewa chili ndi "iye" mmodzi yekha, wa amuna ndi akazi omwe. Ukati "wabwera", sunaulule ngati wabwerayo wavala chitenje kapena buluku. Mayina athu nawonso sathandiza. Kalaliki wa mu Victoria Avenue akalandira kalata ya Chisomo, Mphatso kapena Chikondi, amayamba wakanda m'mutu asanalembe Mr kapena Ms.

Apa ena amati ndiye kuti chinenero chathu n'chaulesi. Taimani kaye. Pamene pali phindu timasiyanitsa bwino lomwe: palibe amene anapita ku msika wa Limbe kukagula tambala n'kubwerako ndi thadzi. Ndipo tili ndi "mlongo", mawu amene mwamuna akawatchula akunena mkazi, mkazi akawatchula akunena mwamuna. Mzungu wotiseka abwere amasulire ameneyo. Akamaliza ayesenso chimanga chafika, nyemba zafika, kamwana kafika, ufa wafika, tione ngati lilime silimupindika. Chimene ife timafunsa poyamba si choti munthu ndi mwamuna kapena mkazi, koma ngati ndi "iwe" kapena "inu". Chingerezi chimapatsa agogo, mwana ndi galu "you" mmodzi yemweyo, n'kumayenda monyada ngati sichinalakwe.

Pali gulu lina lomwe Chingerezicho limachikayikira ndithu. Sitima ya Ilala, yomwe yakhala ikuyenda pa nyanja yathu kuyambira 1951, Azungu amaitchula kuti "she". Chitsulo chenicheni! Anaiyang'ana pati? Mavenda opita ku Milange ndi ku Tete akuti zimenezo n'zochepa, chifukwa m'Chipwitikizi tebulo ndi lachikazi, buku ndi lachimuna, ndipo ukasokoneza amakuseka ngakhale ana. Owerenga kwambiri amawonjeza kuti Chingerezi cha zaka 1,000 zapitazo chinalinso chotero, mpaka mawu omwe anabala "wife" sanali m'gulu la achikazi. Eni akewo anazisiya zonsezo, n'kutsala ndi timawu tiwiri toti tizipunthwapo ife.

Ambiri timakumbukira Epulo 2012, mayi Joyce Banda atakhala mtsogoleri wa dziko. Malilime omwe anazolowera "His Excellency" kuyambira nthawi ya Kamuzu anayenera kuphunzira "Her" usiku umodzi, ndipo olankhula m'misonkhano ankayenda ngati pa msewu wa matope. M'Chichewa simunasinthe kanthu: a Pulezidenti anakhalabe a Pulezidenti.

Achinyamata a pa Facebook akuti Azungu ayamba kutitsatira, poti mu 2019 dikishonale ya Merriam-Webster inasankha "they" wonena munthu mmodzi kukhala mawu a chaka. Si "iwo" wathu ameneyo? Pang'ono. Wathu ndi waulemu, wawo ndi wopewa kutchula mwamuna kapena mkazi. Koma ku Chichiri kulibe amene akufuna kumva kusiyanako, chigoli anachiwerenga kale.

Za mwinimwambo uja, ena akuti anachita manyazi ndipo tsopano amayendetsa maukwati m'Chichewa chokhachokha. Ena akulumbira kuti anamuona Loweruka ku Namiwawa, suti ili gwa, atagwira mkwati paphewa n'kuuza anthu onse kuti "she is a very lucky man".