Malangizo kwa wapampando wa komiti ya mjigo

Munthu akasankhidwa kukhala wapampando wa komiti ya mjigo, adziwiretu kuti ntchitoyi ili ndi malipiro ngakhale amaitcha yongodzipereka. Malipirowo amaperekedwa m'mamawa pamzere wa zidebe, ndipo mawu ake sasintha: “Anadya ndalama za mjigo amenewa.” Wapampando wanzeru amangolandira, osawerenga.

Choyamba, asamale thupi. Akanenepa, ndiye kuti zosonkha za mwezi ndi mwezi zija zatulukira m'masaya. Akaonda, chikumbumtima chikumudya. Asagule njinga, asafolere nyumba ndi malata, ndipo mayi akunyumba akagula chitenje chatsopano ayambe achichapa mpaka chisuluke asanapite nacho kutchalitchi.

Chachiwiri, asavutike kuphunzitsa anthu za makina. Mijigo yambiri m'Malawi muno ndi ya mtundu wa Afridev, womwe chiyambi chake chinali konkuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo anaupanga dala kuti eni mudzi azitha kuukonza okha. Timphira ta m'kati mwake timaperepeseka ndi kupopa. Boma limati mjigo umodzi uzitumikira anthu 250, koma kwina umapopedwa ndi midzi ingapo, kuphatikizapo oumba njerwa ndi othirira tomato. Zonsezi wapampando azisunge mumtima, chifukwa pamudzi zimadziwika kale kuti mjigo sufa ndi timphira, umafa ndi komiti. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti ndipo zipangizo zinakwera mtengo. Wina akafunsa, wapampando angovomera kuti anaitsitsa ndi iyeyo, msonkhano uthe msanga.

Chachitatu ndi kope la mlembi. M'menemo muli chinsinsi chotonthoza mtima: amene mawu awo amamveka mpaka kutsidya kwa dambo kawirikawiri ndi omwewo amene mzere wawo uli mbee chiyambire chaka. Koma kopelo ndi msampha. Akawerenga maina a osasonkha pagulu, wachititsa manyazi akuluakulu. Akapanda kuwerenga, pali chimene akubisa. Akatseka mjigo ndi loko kuti anthu asonkhe, woyamba kufika ndi ndowa amakhala apongozi ake, ndipo ngati iye ndi mkamwini amakumbutsidwa pomwepo kuti pamudzipo anangobwera. Akakakamira lokoyo, amayi amatsikira kumtsinje, ndipo mlangizi wa zaumoyo amabwera kudzamukumbutsa za kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Njira yabwino ndi kutseka ndi loko wosagwira, kuti malamulo atsatidwe ndipo madzi atungidwe.

Bungwe likamuitana kumaphunziro a masiku awiri kuboma, abwereko wapansi, wanjala, ndipo tisheti ya bungwelo aisiye m'minibasi. Alawansi imene anthu amamuwerengera imakula yokha ikamadutsa khomo ndi khomo. Ikamafika kwa amfumu imakhala yokwana kukumba mjigo wina.

Zikafika povuta, pali mankhwala amodzi oyesedwa m'makomiti onse, kuyambira asukulu, a banki mkhonde mpaka a mphakati. Wapampando aimirire pansi pa mtengo wa msonkhano, apereke ulemu kwa amfumu, aike kiyi ndi kope pamphasa, n'kunena kuti watula pansi udindo. Amfumu adzafunsa amene angatenge malowo. Bambo uja wodziwa zonse adzakumbukira kuti ali ndi dimba lofuna kuthirira, mayi wa mawu akuthwa adzayamba kuyamwitsa mwana wogona, ndipo achinyamata adzaweramira mafoni. Pakapita kanthawi wina adzatchula dzina la wapampando yemwe uja, amayi adzaimba nthungululu, kiyi adzabwerera m'thumba mwake. Anthu akamabalalika, azimvetsera bwino kumbuyo: kudzakhala wina akufunsa mnzake chifukwa chake anthu ena safuna kusiyirako anzawo mpando.